Mwana akufwenthera usiku onse koma sakudwala? Tayang'anani kaye hita ija

Chaka chilichonse kukangoyamba kuzizira kuno ku England, cha mu Novembala, foni yanga imadzadza ndi timavidiyo ta pa WhatsApp. Mayi wajambula khanda lake lili mtulo, kamphuno kakuti fwe fwe, kenako voice note, "anesi tamverani, mwanayu chimfine sichikumutha, sabata yachitatu ino." Ndikafunsa thupi latentha? Ayi. Akutsokomola? Ayi. Akuyamwa? Eya koma amangosiyiza bere nkuyamba kulira. Nde ndimafunsa lomaliza, hita mumazimitsa nthawi yanji. Apa pamakhala kaye zii, kenako "sitizimitsatu, mwana angazizidwe."

Abale athu a ku Joni nawo amatumiza zomwezi mu Juni ndi Julayi, kumeneko zimanyanya coz Johannesburg ili pamtunda mamita oposa 1,700 ndipo nyengo yozizira mvula siigwa, mpweya umakhala wouma kale ndiye mwaonjezera hita ya magetsi mu rumu imodzi yotseka mawindo onse.

Ana ambiri oterewa alibe chimfine. Mphuno zawo zauma basi.

Mkati mwa mphuno muli kakhungu kofewa konyowa nthawi zonse, ntchito yake ndi kufunditsa mpweya, kuunyowetsa ndi kukola fumbi ndi tizilombo zisanafike m'mapapo, ndipo pali timaubweya tosaoneka ndi maso timene timakankhira mamina kukhosi tsiku lonse ife osadziwa. Tsono mpweya wozizira umasunga madzi ochepa, mukautenthetsa umakhala ngati waludzu, umayamwa chinyezi paliponse pomwe wachipeza. Ndi chifukwa chake thewera mukaliyanika pafupi ndi hita limauma msanga, milomo yanu imang'aluka, nanga kamphuno ka mwana kalakwanji? Mamina amalimba, timaubweya tija timalephera kuwasuntha, mkati mumachita nkhanambo nkutupa pang'ono. Ife akulu timangotsegula pakamwa nkumapuma, koma khanda miyezi yoyambirira limadalira kwambiri mphuno ndipo timabowo take ndi tating'ono zedi, kankhanambo kamodzi kokha kakwana kuti lizilephera kuyamwa ndi kupuma nthawi imodzi. Kusiyiza bere kuja nkumeneko, sikuti mkaka wamukana.

Ana okulirapo amayamba kutokosa chifukwa mukuyabwa, mawa lake mupeza magazi pa pilo. Kamfuno ameneyu amachokera kutsogolo kwenikweni, pa kakhoma kolekanitsa mabowo awiri, pomwe timitsempha tambirimbiri tili pamwamba penipeni. Chonde musamuuze mwana kuti ayang'ane kumwamba ngati momwe ankatiuzira kusukulu, magaziwo amangotsikira kukhosi nkumusanzitsa. Akhale pansi, aweramire kutsogolo, mutsine mbali yofewa ya mphuno mphindi 10 mpaka 15 osasiya kuti muone ngati aleka. Akapanda kuleka pitani kuchipatala, ndipo kamfuno kwa mwana wosakwana zaka 2 sachitikachitika, ameneyo akaonedwe ndithu.

Chimene chimandipweteka ine ndi mankhwala amene mwanayu amakhala wamwetsedwa kale ndisanafunsidwe. Wina anandionetsa botolo la amoxicillin lomwe anachita kuitanitsa kumudzi, mwana wa miyezi 4 akutsegula m'mimba chifukwa cha mankhwalawo mphuno ili chitsekekere. Maantibayotiki amapha mabakiteriya, mphuno youma saiona nkomwe. Vicks nayo, pabotolo analemba kuti osapaka mwana wosakwana zaka 2 ndipo m'mphuno simulowa olo kwa wamkulu. Mankhwala odontheza otsegula mphuno a akulu aja musayese nkomwe pa khanda.

Chomwe chimathandiza ndi chotchipa kuposa zonsezo, madzi a mchere a ku famase, mukanene kuti saline drops, amakhala a 0.9% ofanana ndi mchere wa m'thupi mwathu ndiye sawawa. Mugonekeni chagada, dontho limodzi kapena awiri bowo lililonse, dikirani pang'ono, nthawi zambiri amayetsemula yekha kankhanambo nkutuluka, inu kungopukuta ndi kansalu kofewa. Nthawi yabwino ndi asanayamwe komanso asanagone. Cotton bud musalowetse, chikhadabo ayi. Ndikudziwa agogo athu ankayamwa mamina ndi pakamwa ndipo mwana ankapezadi mpumulo, ndimalemekeza chikondi chimenecho, koma m'kamwa mwathu muli tizilombo tomwe khanda silinazolowere, bola kachipangizo koyamwira mamina ka ku famase, pang'onopang'ono komanso osati ola lililonse poti nako kamatupitsa mkati.

Kenako rumu ija. Khanda limagona bwino pa madigiri 16 mpaka 20, ambiri ndikawauza amadabwa ati kumeneko nkuzizira, koma rumu yotentha kwambiri ndi yoopsa kwa khanda kuposa yozizirirapo. Tsitsani hita, bedi la mwana litalikire, masana tsegulani windo olo mphindi zochepa. Chinyezi chabwino m'nyumba ndi cha pakati pa 40 ndi 60 peresenti. Ngati mwagula humidifier, makina onyowetsa mpweya m'nyumba, ikhale ya nthunzi yozizira, madzi kusintha tsiku lililonse ndi kuitsuka, mukailekerera imasanduka munda wa tizilombo nkumafaitsa mu rumu yonse. Mukaona mawindo akuchucha madzi mmawa kapena chuku chakuda pakhoma mwapyoza muyezo, chukucho chimayambitsa mavuto ena a chifuwa. Beseni la madzi owira pafupi ndi mwana wokwawa ayi, mabala a moto amene ndawaonapo pa ntchito yangayi sindifuna mwana wanu akhale nawo.

Kumudzi ku Dedza kapena ku Mzuzu hita yathu ndi mbaula, ndipo utsi wake pamodzi ndi fumbi la chilimwe zimapsereza mphuno chimodzimodzi. Koma mbaula ili ndi china choopsa, makala amatulutsa mpweya wa poizoni wa carbon monoxide womwe sununkha, anthu amagona osadzukanso. Itulutseni musanagone.

Pali nthawi imene simuyenera kundilembera ine, muyenera kunyamuka. Khanda losakwana miyezi 3 thupi likafika madigiri 38, mwana akakana kuyamwa, pansi pa nthiti pakamalowa mkati akamapuma, milomo ikasintha mtundu, kapena akamapuma mothamanga. Werengani kuti akupuma kangati kwa mphindi yathunthu ali phee, wosakwana miyezi 2 akafika 60, wa miyezi 2 mpaka chaka akafika 50, wa chaka mpaka zaka 5 akafika 40, chikhoza kukhala chibayo chimenecho.

Ndipo mamina akamatuluka bowo limodzi lokha nkumanunkha, hita ilibe mlandu. Ndili ku Malawi ndinaonapo njere ya chimanga itafufuma m'mphuno mwa kamnyamata ka zaka 3, mayi ake atamumwetsa mankhwala a chimfine sabata ziwiri. Musaizule nokha mungaikankhire mkati. Ikakhala kabatire kozungulira ka mu wotchi kapena ka mu zidole, kameneko kamawotcha mnofu m'maola ochepa, olo pakati pa usiku pitani nthawi yomweyo.