Bulangeti lothetheka usiku si ufiti

Mwezi wa June ukafika, mwera uli pakati panyanja, sipalephera wina wondifunsa za bulangeti. Akuti akalikoka mumdima limathetheka n'kuoneka timoto tabuluu. Mayi wina wa kwa Mponda anandiuza kuti lake anakalitaya kudzala poganiza kuti alipo wamuchita chipongwe. Ndinamva chisoni, chifukwa linali latsopano.

Ndimaphunzitsa Physics kusekondale kuno ku Mangochi, ndipo timoto timeneti ndi phunziro lomwe ana amalikonda. Chinthu chilichonse, kaya nsalu, tsitsi kapena chipeso, chinapangidwa ndi tinthu ting'onoting'ono tosaoneka ndi maso totchedwa maatomu. Mu atomu muli tizigawo tokhala ndi chaji, yomwe ndi mphamvu ya magetsi: mapulotoni okhala ndi chaji ya pozitivi ndi maelekitironi okhala ndi ya negetivi. Zikakhala zofanana kuchuluka, zii, palibe chomwe timamva. Koma mukakwecha zinthu ziwiri zosiyana, maelekitironi ena amasamuka. Chipeso cha pulasitiki chimalanda a m'tsitsi n'kukhala negetivi, tsitsi n'kutsala pozitivi. Kukwechako sikulenga chaji ayi, kumangoisamutsa: chomwe chipeso chapeza ndi chomwe tsitsi lataya.

Agiriki akale ankaziona izi akakwecha utomoni wouma wa mitengo, womwe ankautcha elektron. Mayina oti pozitivi ndi negetivi anawapereka ndi Benjamin Franklin wa ku America.

Lamulo lake ndi lalifupi: zofanana zimakankhana, zosiyana zimakokana. Koma apa ndi pomwe ophunzira ambiri amaterereka. Chipeso chija chikanyamula tizidutswa ta pepala, amafulumira kunena kuti pepalalo lili ndi pozitivi. Ayi ndithu. Pepala silinakwechedwe ndi aliyense. Chipeso chikayandikira, maelekitironi a m'pepala amasunthira pang'ono kutali nacho, mbali yoyang'anana ndi chipeso n'kukhala ngati ya pozitivi, ndiye pepala lija dumphu! Choncho kukokana sikutsimikizira kanthu, popeza ngakhale chinthu chopanda chaji chimakokedwa. Umboni weniweni ndi kukankhana.

Chida choonera chaji, electroscope, chimadalira kukankhana komweku. Abraham Bennet wa ku England anachikonza m'zaka za m'ma 1780 ndi timasamba tiwiri tagolide topyapyala. Ife golide tilibe, koma botolo lagalasi louma bwino limakwanira. Bowolani chivundikiro chake cha pulasitiki, lowetsani waya wa kopa, mupinde kunsi kwake ngati mbedza. Pa mbedzapo kolekani timizere tiwiri ta pepala lonyezimira lokutira chakudya lija, tilendewere moyandikana. Kwechani chipeso, muchiyandikitse kumutu kwa waya. Timizere tija timayasama ngati kamwa la mwana wa mbalame, chifukwa maelekitironi athawira kunsi ndipo tonse tiwiri takhala negetivi. Mukachotsa chipeso timatsekanso. Mukachikhudzitsa pa waya timakhalabe toyasama, mpaka mutagwira wayayo ndi chala, chaji n'kudutsa m'thupi mwanu kupita pansi.

Nanga moto wa m'bulangeti uja? Bulangeti likamakwechana ndi zovala kapena tsitsi, chaji imaunjikana, ndipo ikachuluka kwambiri imadumpha mumpweya. Kuti idumphe milimita imodzi yokha ya mpweya wouma pamafunika mphamvu ya magetsi ya ma volt pafupifupi 3,000, pomwe magetsi a m'nyumba ndi 230. Musaope: chaji yodumphayo ndi yochepetsetsa ndipo imatha m'kuphethira kwa diso, n'chifukwa chake imangotsina. Mphenzi ndi zomwezi, kungoti ndi zamkulu: mumtambo timadontho ta madzi oundana timagundana, chaji n'kugawikana. Ndiye msodzi woimirira m'bwato pa Malombe mvula ya mabingu ikubwera amakhala chinthu chachitali kuposa zonse pamadzipo, ndipo zimenezo sizoseweretsa.

Chovuta chathu kuno ndi chinyezi. Mpweya ukakhala wonyowa, pa chipeso ndi pa galasi pamakhala kachinyontho kosaoneka komwe kamathawitsa chaji. N'chifukwa chake bulangeti limathetheka nyengo youma, osati dzinja. Chaka china ndinayesa kuonetsa botolo lija mu January, mvula itagwa usiku wonse. Ndinakwecha chipeso mpaka thukuta kamukamu, timizere tili duu. Mnyamata wina kumbuyo anafuula kuti, "Aphunzitsi, mwina ESCOM yazimitsa!" Kalasi yonse inafa ndi phwete. Tsopano botololi ndimaliyanika padzuwa kaye, ndipo phunziroli ndimayesetsa kuti ligwe masiku ouma.