Ulemu wa pa wailesi za ma ham ukusintha

Ife osewera ndi wailesi za ham muno mu Lusaka ndife ochepa, moti anthu akamva amayesa ndi zoulutsa nyimbo ngati masiteshoni a FM. Ayi ndithu. Ndi anthu wamba okhala ndi laisensi ya ZICTA, bungwe loyang'anira za mawailesi ndi mafoni ku Zambia, amadzimangira antena kuseri kwa nyumba n'kumalankhula ndi anzawo a maiko akutali popanda intaneti, popanda mabandulo. Aliyense ali ndi callsign yake, dzina la pa wailesi la zilembo ndi manambala, zathu zimayamba ndi 9J, za ku Malawi 7Q, za ku Zimbabwe Z2. Malonda saloledwa pamenepo, nyimbonso ayi, ndale ndi chipembedzo timazisiya pakhomo.

Mwambo waukulu ndi woti frequency ilibe mwini. Usanaitane umayamba wamvetsera, kenako n'kufunsa ngati pali amene akuigwiritsa ntchito, pa Morse, kalankhulidwe ka timadontho ndi timizere, umangotumiza QRL basi. Sikungodzichepetsa chabe, pali chifukwa chake. Pa shortwave signal imakwera kumwamba n'kukagunda ionosphere, mpweya wa kutali mumlengalenga umene umaibweza, kenako imakatsikira kutali, ndiye munthu wa ku Kitwe utha osamumva n'komwe iwe uli ku Chilenje pamene wa ku Italy akukumvani nonse awiri bwinobwino. Iwe ukuona ngati kuli zii, ukuyamba kuitana CQ, kutanthauza aliyense amene akumva ayankhe, pamene wadula anthu pakamwa.

Kale zimenezi munthu ankazidziwa asanakhudze maikolofoni. Malamulo a dziko lonse ankafuna kuti wofuna shortwave adziwe Morse, ndipo Morse siphunzirika sabata imodzi, umakhala miyezi pambali pa akuluakulu ukumvetsera, makhalidwe n'kumalowa okha. Mu 2003 msonkhano wa ITU, bungwe la UN loona za mauthenga, ku Geneva unachotsa lamulo limenelo, maiko ambiri anasiya kuyesa Morse. Kenako kunabwera timawailesi tam'manja totchipa ngati Baofeng. Mnyamata akagula amangodina batani, halo halo, osatchula callsign chifukwa alibe, mwinanso sakudziwa kuti pamafunika laisensi. Akuluakulu amakwiya nazo kwambiri. Ine sindikwiya kwenikweni, palibe anamuuza mwanayo, ndipo kumukalipira pa mphepo ndiye kumuthamangitsa.

Amene amanditopetsa ndi ena, a laisensi zakalekale ndi ma amplifaya akuluakulu. 9J ndi yosowa kwa anthu a ku Ulaya ndi ku Japan, ukangoitana pa 20 mita, gawo lina la shortwave, madzulo amakugwera ambirimbiri nthawi imodzi, phokoso lake ngati makondakitala a pa Kulima Tower. Timaitcha pile-up. Njira yake ndi split, iwe umalankhula pa frequency imodzi n'kumamvetsera pamwamba pang'ono, ukati up five ndiye kuti aitane ma kilohertz 5 pamwamba pako. Koma umapeza wina akuitana pa iwe pomwepo, wina wamva kuti wafunsa siteshoni yothera ndi Delta, kutanthauza chilembo D, iye callsign yake ilibe D koma akukuwabe, ndiye pamabwera apolisi odziika okha kumakalipira olakwawo, phokoso n'kuwirikiza. Ambiri mwa awa sanakumve n'komwe, angoona callsign yako pa DX cluster pa intaneti, pomwe anthu amalengeza masiteshoni amene awamva, n'kuyamba kuitana. Apa nafenso a 9J tili ndi mbali yathu, ukangoyankha wolowerera mzere mmodzi wawauza onse kuti kukuwa kumalipira.

Lipoti la mmene ukumumvera mnzako nalonso linatha mphamvu. 59 imatanthauza kuti ndikukumva bwino kwambiri, koma lero aliyense ndi 59, ngakhale amene wamufunsa callsign katatu.

Mu 2017 kunabwera FT8, njira yatsopano yolankhulirana pa wailesi ya Joe Taylor ndi Steve Franke, Taylor yemwe uja analandira Nobel ya physics mu 1993. Apa makompyuta ndi amene amalankhulana, masekondi 15 uyu 15 uyo, callsign, lipoti, 73 yotsanzikira, zatha. Palibe moni, palibe kufunsa za kunyumba. Akuluakulu amati imeneyo si wailesi. Koma ndi mmene ma inveta ndi machaja a sola adzadzira m'makomboni chifukwa cha kuzimazima kwa magetsi, phokoso pa shortwave lakwera moti mawu a munthu sumawamva, pamene FT8 imatola signal yomwe khutu silingaimve. Kwa wokhala ku Matero kapena Kabwata nthawi zina ndi njira yokhayo. Nayonso ili ndi ulemu wake watsopano: wotchi ya kompyuta ikhale yolondola apo ayi ulowa mu nthawi ya anzako, odiyo usaikweze mpaka signal kutayikira pa ena, ndipo pa 14.074, frequency ya FT8 pa 20 mita, si pobwera ndi mphamvu zonse za amplifaya.

Makhadi a QSL aja tinkatumizirana pa positi otsimikizira kuti talankhulana akuchepa. Kuyambira 2003 kuli Logbook of the World ya ARRL, bungwe la ma ham a ku America, umangokweza logi yako, mndandanda wa amene walankhula nawo, pa intaneti. Kale wamwano anali wosayankha khadi, lero ndi amene amakhala chaka osakweza logi pamene mnzake ku Japan akudikira Zambia kuti akwanitse maiko 100 a satifiketi ya DXCC.