Kadyedwe ka masabata awiri musanachitidwe opaleshoni yochepetsa thupi

Uthengawu ndi wa anthu amene dokotala wawapatsa kale tsiku la opaleshoni yochepetsa chifu chifukwa cha kunenepa kopitirira muyeso, komanso wa achibale amene amawaphikira kunyumba. Ena mukachitidwira opaleshoniyi kunja, ku India kapena ku South Africa, koma masabata okonzekera mukhala muli konkuno ku Blantyre, ndiwo mukugula ku msika wa Limbe, wa Ndirande kapena wa Chirimba. Pepala la zakudya limene achipatala atumiza nthawi zambiri limalembedwa poganizira anthu a kwawoko, ndipo silinena kalikonse za nsima, usipa kapena thobwa. Apa ndi pamene anthu amasokonezekera.

Opaleshoniyi si ya aliyense wonenepa. Madokotala amayang'ana BMI, nambala imene imapezeka mukagawa makilogalamu anu ndi msinkhu wanu m'mamita, wochulukitsidwa ndi iwo wokha. Munthu wolemera makilogalamu 120, wamtali mamita 1.65, BMI yake ndi 44. Kwa zaka zambiri malire anali 40, kapena 35 kwa munthu amene ali ndi matenda a shuga kapena BP, ndipo m'chaka cha 2022 mabungwe a madokotala a opaleshoniyi anatsitsa malirewo. Mitundu iwiri yodziwika ndi sleeve gastrectomy, imene amachotsa pafupifupi magawo atatu mwa anayi a chifu, ndi gastric bypass, imene amasiya kathumba kakang'ono ka chifu n'kukalumikiza ku matumbo.

Cholinga chake ndi chiwindi

Ambiri amaganiza kuti dokotala akufuna kuona ngati angathe kudziletsa, kapena kuti atsikeko pa sikelo. Sikelo idzatsikadi, koma nkhani yagona pa chiwindi. Chiwindi chimakhala kumtunda kwa mimba, ndipo mbali yake ya kumanzere imafunda pamwamba pa chifu, pamalo enieniwo pamene dokotala ayenera kudula. Masiku ano opaleshoniyi sang'amba mimba yonse. Amaboola timabowo tingapo, n'kulowetsa kamera ndi zida zitalizitali, ndipo chimodzi mwa zidazo chimanyamula chiwindi kuti chifu chioneke. Mwa munthu wonenepa kwambiri, chiwindi chimakhala chachikulu, cholemera, chodzaza mafuta, ndiponso chosachedwa kung'ambika n'kuyamba kutaya magazi. Chikakhala chotero opaleshoni imatenga nthawi yaitali, mwina dokotala n'kukakamizika kung'amba mimba, mwinanso kuimitsa opaleshoniyo osaimaliza. Taganizirani zimenezo mutalipira kale ndege ndi chipatala.

Chiwindi chimasunga shuga wa m'thupi ngati nkhokwe. Shuga wosungidwayo amatchedwa glycogen, ndipo galamu iliyonse ya glycogen imasunga pafupifupi magalamu atatu a madzi. Mukasiya kudya zokhutitsa ndi zotsekemera, thupi limatapa m'nkhokwemo, madzi aja amachoka, mafuta nawonso amayamba kuchepa, ndipo chiwindi chimaphwa. N'chifukwa chake zipatala zambiri zimalamula masabata awiri, zina kufikira anayi kwa munthu wolemera kwambiri, a zakudya zosapitirira makalori 800 mpaka 1000 pa tsiku (makalori ndi muyeso wa mphamvu imene chakudya chimapereka m'thupi). Chiwindi chimadzazanso msanga, choncho phwando limodzi la mpunga, chipisi ndi keke kutatsala masiku awiri lingabweze m'mbuyo ntchito yaikulu. Maganizo oti "ndidyeretu, ndikutsanzika chakudya" amabwera kwa ambiri. Ngati mukufuna kutsanzika, tsanzikani masabata awiriwo asanayambe.

Za m'mbale

Tonse tinaphunzira za magulu asanu ndi limodzi a zakudya, ndipo uphungu umenewo ndi wabwino pa moyo wa tsiku ndi tsiku. Pa masabata awiri okhawa magulu awiri aikidwa pambali: zokhutitsa ndi zamafuta. Nsima, kaya ya ufa woyera kaya ya mgaiwa, mpunga, buledi, masikono, mandasi, zitumbuwa, chinangwa, mbatata, kachewere, phala, chimanga chootcha, zonsezi zimasanduka shuga m'thupi. Mgaiwa uli ndi ubwino wake, koma pa nkhani ya chiwindi sukupulumutsani. Zipatala zina zimalola kagawo kakang'ono koyezedwa ka chokhutitsa pa tsiku, zina zimakaniziratu, ndiye funsani, ndipo pofunsa tchulani nsima mwachindunji, muwafotokozere kuti ndi ya ufa wa chimanga ndiponso kukula kwa mtanda umodzi.

Zakumwa ndi zimene zimagwetsa anthu osadziwa. Thobwa, maheu, Sobo, Fanta, juwisi wa m'botolo ndi tiyi wothira masupuni atatu a shuga, munthu amamwa n'kumati sanadye kanthu. Nzimbe nazonso ndi shuga basi. Imwani madzi, malita awiri kapena kuyandikira pamenepo, makamaka m'miyezi yotentha ya Okutobala ndi Novembala. Tiyi wopanda shuga alibe vuto. Mowa wamtundu uliwonse, wa m'botolo, Chibuku kapena kachasu, ayi ndithu, chifukwa umapita kukalemetsa chiwindi chomwecho.

Chimene chiyenera kutsala m'mbale ndi zomanga thupi, kuti thupi lisayambe kudya minofu yake komanso kuti mabala adzapole bwino. Pa ichi tili ndi mwayi: chambo kapena mlamba wootcha, usipa kapena utaka wophika ndi tomato ndi anyezi popanda kukazinga, nkhuku yochotsa khungu, mazira owiritsa, nyama yofiira yopanda mafuta, chambiko kapena yogati wosathira shuga. Masamba idyani momasuka: nkhwani, bonongwe, chisoso, mpiru, chayinizi, kabichi, therere. Koma asatendere. Nsinjiro ili ndi mafuta ambiri, ndipo supuni imodzi yaikulu ya mafuta ophikira ili ndi makalori pafupifupi 120, kotero wophika akapendeketsa botolo mwachizolowezi, gawo lalikulu la tsiku lonse latha pa ndiwo imodzi. Nyemba ndi nandolo zimamanga thupi koma zilinso ndi sitachi, choncho zikhale zochepa ngati achipatala alola. Chipatso, kamodzi kapena kawiri pa tsiku, chaching'ono. Nyengo ya mango ndi yoyesa munthu.

Zipatala zina zimafuna zamadzimadzi zokhazokha, monga mkaka wopanda mafuta, msuzi ndi ufa wapadera wosungunula m'madzi. Ngati mwauzidwa zimenezo, tsatirani zawozo. Ufawo ukasowa m'mafamase, musalowetse m'malo mwake phala la Likuni kapena tiyi wochepetsa thupi wogulitsidwa pa WhatsApp ndi Facebook. Auzeni achipatala akupatseni njira ina.

Masiku atatu kapena anayi oyamba amavuta. Mutu umapweteka, thupi limafooka, m'kamwa mumanunkha, ena amadzimbidwa. Kawirikawiri zimachepa zokha. Chovuta china ndi anthu. Kwathu kuno munthu amene wadya ndiwo zokha amati sanadye, ndipo amayi kapena apongozi akakuonani mukukankha mbale ya nsima adzaganiza kuti mwadwala kapena mwakwiya. Auzeniretu. Pa maliro, pa chinkhoswe kapena pa ukwati, idyani kunyumba musananyamuke.

Mankhwala anu

Gawo ili musalidumphe. Ngati muli ndi matenda a shuga ndipo mumabaya insulin kapena kumwa glibenclamide, kuchepetsa chakudya chonchi mulingo wa mankhwala uli womwewo kungagwetse shuga mpaka kukomoka. Musanayambe, pitani ku kiliniki imene mumalandirako mankhwala, kaya ndi ku Queens kaya kwina, asinthe mulingo. Yezani shuga kangapo pa tsiku. Akatsika pansi pa 4 mmol/L, kapena 70 mg/dL pa makina ena, kapena mukayamba kunjenjemera, kutuluka thukuta ndi kusokonezeka mutu, imwani madzi a shuga nthawi yomweyo. Pamenepo lamulo la kadyedwe lidikire. Kenako imbirani dokotala.

BP nayonso ingatsike, makamaka kwa amene amamwa mapiritsi okodzetsa monga hydrochlorothiazide. Chizungulire podzuka pampando ndi chizindikiro choti mukayezetse.

Amene muli pa ma ARV musaphonye ngakhale tsiku limodzi, ndipo dokotala wa opaleshoni adziwe dzina la mankhwala anu, chifukwa chifu chikasintha, mmene thupi limalandirira mankhwala zingasinthenso. Kuyambira mu 2019 ambiri m'Malawi muno amamwa mankhwala okhala ndi dolutegravir, ndipo mapiritsi a ayironi ndi kashiamu amalepheretsa dolutegravir kulowa bwino m'magazi akamwedwa pamodzi m'mimba muli mopanda kanthu. Izi n'zofunika chifukwa musanachitidwe opaleshoni amayeza magazi kuona ayironi, vitamini B12, folate ndi vitamini D, ndipo ambiri amapatsidwa mapiritsi owonjezera. Funsani nthawi yomwera aliwonse.

Tchulaninso Brufen, diclofenac, aspirin, warfarin ndi mankhwala azitsamba alionse amene mukumwa, popanda manyazi, chifukwa ena amachititsa kuti magazi asaundane ndipo ena amayambitsa zilonda m'chifu. Fodya amasiyidwa masabata asanu ndi limodzi opaleshoni isanafike, kapena kale kuposa pamenepo. Amayi, ngati mukukayikira kuti muli ndi pakati, musayambe kadyedwe aka musanayezetse, ndipo kambiranani za kulera, poti madokotala amalangiza kudikira miyezi 12 mpaka 18 musanatenge pakati opaleshoni ikachitika.

Kutatsala tsiku limodzi, zipatala zambiri zimalola zamadzimadzi zokha. Lamulo lofala la mankhwala ogonetsa ndi loti chakudya chisiyidwe maola asanu ndi limodzi, madzi oyera maola awiri, koma nthawi yeniyeni akuuzani ndi achipatala chanu. Ngati ulendo wa pandege wochokera ku Chileka wagwera m'kati mwa masabata awiriwa, konzeranitu zodya panjira, chifukwa chakudya cha m'ndege chimakhala mpunga, buledi ndi juwisi. Ndipo ngati tsiku lina munadya nsima kapena kumwa Fanta, muuzeni dokotala tsiku lake ndi kuchuluka kwake asanakulowetseni m'chipinda cha opaleshoni.