Tirigu wa Nkhondo ndi Fumbi la ku Great Plains

Chigawo cha Great Plains, pakati pa dziko la America, ndi chidikha chachikulu chomwe mvula yake ndi yochepa ndipo mphepo imaomba pafupifupi chaka chonse. Kuyambira kalekale udzu wachilengedwe ndiwo unkamanga dothi la kumeneko ndi mizu yake, kotero kuti ngakhale kugwe chilala nthaka inkakhalabe m'malo mwake.

Zinthu zinasintha nkhondo yoyamba ya padziko lonse itabuka mu 1914. Dziko la Turkey litatseka njira ya panyanja ya Dardanelles, tirigu wa ku Russia analeka kufika kumadzulo kwa Ulaya, ndipo maiko a kumeneko anayamba kudalira alimi a ku America. America italowa nkhondoyo mu 1917, boma linalonjeza alimi mtengo wosachepera madola 2 pa busheli imodzi ya tirigu, yomwe ndi makilogalamu pafupifupi 27. Ambiri anatenga ngongole kubanki, nagula mathirakitala ndi makasu ake, nayamba kuswa mphanje m'madera a Kansas, Oklahoma, Texas, Colorado ndi New Mexico, kumene kale kunkangodya ng'ombe.

Nkhondo itatha mtengo unatsika, koma kulima sikunachepe ayi. Mlimi wa ngongole akaona kuti tirigu watsika mtengo amangowonjezera munda kuti ndalama zobweza zikwane, ndipo mvula yabwino ya m'zaka za m'ma 1920 inawanyenga kuti nthakayo ipirira. Apa ndi pamene panagona vuto: kukwera kwa mtengo kunalimitsa anthu, kutsika kwake kunawalimitsanso koposa. Pofika 1931 tirigu anachuluka mpaka busheli inkagulidwa masenti 25 okha m'madera ena, ndipo minda yambiri inangosiyidwa yambee, yopanda mbewu ngakhale udzu.

Kenaka kunagwa chilala cha zaka zingapo zotsatizana, mphepo n'kuyamba kunyamula dothi lachonde la pamwamba. Amayi ankapachika nsalu zonyowa m'mawindo ndi kutseka ming'alu ya zitseko, komabe m'mawa ankapeza fumbi m'mbale ndi pa zofunda. Ana ndi okalamba ankadwala chibayo chobwera ndi fumbi, ndipo ng'ombe zina zikafa zinkapezeka ndi mchenga m'mimba. Mu May 1934 fumbilo linafika mpaka ku New York ndi Washington, ndipo pa 14 April 1935 chimtambo chakuda chinadetsa dzuwa masanasana ku Oklahoma ndi Texas. Mabanki analanda minda, mabanja ambiri n'kusamukira ku California kukagwira ganyu wothyola zipatso ndi thonje.

Mwezi womwewo wa April 1935 boma linakhazikitsa nthambi yoteteza nthaka yotchedwa Soil Conservation Service motsogozedwa ndi Hugh Bennett. Alimi anaphunzitsidwa kulima mizere yopingasa, kuchita kasinthasintha wa mbewu ndi kubwezeretsa udzu, ndipo pofika 1942 mitengo yotchinga mphepo yoposa 200 miliyoni inali itadzalidwa. Mvula inabwereranso mu 1939.

Nkhaniyi inaopsanso akuluakulu a zaulimi m'maiko olamulidwa ndi Britain. Ku Nyasaland, m'zaka za m'ma 1940 ndi 1950, atsamunda anakakamiza anthu kuunda mizere ndi milambala pa malamulo a malimidwe, ndipo okana ankalipitsidwa chindapusa kapena kumangidwa, zomwe zinawonjezera mkwiyo wa anthu akumidzi pa boma la atsamunda.