Zoti app ikakhala yabwino anthu abwera okha, ayi

Anyamata a makompyuta pano pa Kasungu amakonda kunena kuti chinthu chikangopangidwa bwino anthu achitsata okha, kayankhulidwe ka opanga kalibe ntchito. Sizoona izi amwene.

Taonani Mastodon, tsamba la mchezo longa Twitter lija anayamba Eugen Rochko mu 2016, imayendera ActivityPub, njira yolumikizira masamba a mchezo yomwe W3C, bungwe loika miyezo ya intaneti, inavomereza mu 2018, ndipo imagwira ntchito bwinobwino. Elon Musk atagula Twitter mu 2022 anthu anakhamukirako, koma ukangofika akuti sankha kaye seva (kompyuta yomwe izisunga akaunti yako), ukafunsa kuti seva nchani ena akukuyankha ngati wapalamula, kenako wina akukukalipira kuti chithunzi chako sunachilembere mawu ofotokoza, ambiri anangobwerera komwe anachokera. Bluesky, tsamba lina la mchezo, yomwe ili ndi njira yakeyake yolumikizirana ya AT Protocol, itatsegulira aliyense mu February 2024 inangoti lowa uzilemba, za maseva udzazimva mtsogolo. Nostr, njira inanso yochezera pa intaneti, nayo nzabwino koma amakuyamba ndi makiyi awiri a akaunti, yachinsinsi ndi yoonetsa anthu, ndi nkhani za Bitcoin, ndiye mlimi amene wangochoka kogulitsa fodya ku Chinkhoma bandulo yake ikutha angadikire zimenezo?

Nkhani ina ndi ya Bridgy Fed, mlatho wolumikiza Mastodon ndi Bluesky. Mu 2024 wopanga wake analengeza kuti aliyense alumikizidwa pokhapokha akakana yekha, eee anthu a Mastodon anakwiya zedi. Iye anamvera, nkusintha kuti azilowa ofuna okha, phokoso linachepa ndipo mlathowo ukugwirabe ntchito mpaka pano.