Sewero la pompopompo la amuna 12 ndi mpando wamagetsi

Ife amene timakonza masewero a pa wailesi ya kanema masiku ano tinazolowera zofewa. Wosewera akaphonya mawu timangoti "tibwereze", kenako pa kompyuta timadula polakwikapo. Ku America mu 1954, pa masewero oulutsidwa pompopompo, mwayi umenewo kunalibe. Makina ojambulira pa tepi ya vidiyo anali asanafike, popeza kampani ya Ampex inawaonetsa mu 1956. Sewero linkapita kwa anthu nthawi yomweyo likuseweredwa, monga momwe mpira umaonekera lero. Ukaiwala mawu, dziko lonse likukuona ukumeza mate.

Lolemba pa 20 Sepitembala 1954, wailesi ya CBS ku New York inaonetsa sewero lotchedwa Twelve Angry Men pa pologalamu ya Studio One. Analemba ndi Reginald Rose, yemwe iye mwini anakhalapo m'gulu loweruza mlandu wa imfa ya munthu mumzindawo, ndipo wotsogolera anali Franklin Schaffner. Nkhani yake njachidule. Mnyamata wa kumalo osauka akuimbidwa mlandu wobaya bambo ake ndi mpeni. Amuna 12 atsekeredwa m'chipinda kuti agwirizane ngati ali wolakwa. Pa voti yoyamba 11 akuti wolakwa. Mmodzi yekha, yemwe anaseweredwa ndi Robert Cummings, akuti tiyeni tikambirane kaye.

Kuti seweroli likukomereni muyenera kumvetsa malamulo a nthawiyo. Jury ndi gulu la anthu wamba, osati maloya, amene khoti limawaitana kuti amve umboni ndi kunena ngati munthu walakwa. Pa mlandu ngati uwu onse 12 ayenera kulankhula chimodzi. Komanso sikuti woimbidwa mlandu ndiye aonetse kuti sanalakwe ayi. Boma ndi lomwe liyenera kubweretsa umboni wosasiya chikaiko chomveka. Tsono ku New York nthawi imeneyo, mpaka 1963, munthu wopezeka wolakwa pa kupha mwadala atachita kukonzekera ankapatsidwa chilango cha imfa basi, jaji alibe mpata wochepetsa. Mpando wamagetsi, womwe ankaphera anthu ogamulidwa kuti afe, unali kundende ya Sing Sing, komwe chaka chapitacho, mu Juni 1953, Julius ndi Ethel Rosenberg, banja lomwe linapezeka lolakwa pa mlandu wa ukazitape, anaphedwera. Ndiye kuti liwu loti "wolakwa" m'chipinda chija linali kale chigamulo cha imfa. Kuno kwathu lamulo lokakamiza jaji chimodzimodzi linagwa mu 2007, pa mlandu wa Kafantayeni ku High Court.

Chomwe chimandigometsa ine monga wa ntchitoyi ndi chipindacho. Makamera a nthawi imeneyo anali zimphona zoyenda pa mateyala, chilichonse chikukoka chingwe chonenepa ngati mkono wa mwana. Magetsi owunikira ankatentha, thukuta limene likuoneka pa nkhope za osewera silinachite kupakidwa. Pansi ankaika zizindikiro poti wakuti aime apa, ndipo ukapitirira phazi limodzi watchinga mnzako kapena watuluka m'chithunzi. Wotsogolera amakhala m'kachipinda kena akuyang'ana maskirini, akuitana kamera imodziimodzi pa sekondi yake. Tangoganizani anthu 12 akuzungulira tebulo limodzi kwa mphindi pafupifupi 50, kupumira pokhapo pamene otsatsa malonda a Westinghouse akuonetsa katundu wawo.

Pali malo amene munthu wokana uja amatulutsa m'thumba mpeni wofanana ndendende ndi womwe boma linati ndi wosowa kupeza. Pa filimu, mpeni ukakana kutseguka mumabwereza kakhumi. Pompopompo uyenera kutseguka kamodzi komweko.

Ena amati seweroli limatsutsa chilango cha imfa. Ine sindiona choncho kwenikweni. Silionetsa mpando wamagetsi, silinenanso kuti mnyamatayo sanaphe. Limangoonetsa momwe moyo wa munthu ungatsalire pa zinthu zazing'ono: wina watopa akufuna kupita kwawo, wina amadana ndi anthu a kumalo komwe mnyamatayo anakulira, wina sanafunse ngati mboni ina, nkhalamba yoyenda movutika, ikanafika pakhomo m'masekondi omwe inanena. Limachitanso zina zomwe loya angakwiye nazo, chifukwa wa jury saloledwa kukasaka yekha umboni kunja n'kubwera nawo m'thumba.

Rose, Schaffner ndi Cummings onse analandira mphoto ya Emmy, yomwe imaperekedwa kwa ochita bwino pa wailesi ya kanema, ndipo mu 1957 Sidney Lumet anakonza filimu yake, Henry Fonda ali pa mpando wa wokana uja. Ambiri amadziwa filimuyo. Sewero loyambalo linapulumuka kudzera mu kinescope, kutanthauza kuloza kamera ya filimu pa skirini pamene sewero likuulutsidwa. Kwa zaka zambiri theka loyamba lokha ndi lomwe linalipo, moti woonera ankasiyidwa amuna aja adakakangana. Kope lathunthu linapezeka mu 2003 m'katundu wa malemu Samuel Leibowitz, loya amene m'ma 1930 anaimira anyamata achikuda a Scottsboro omwe anali atagamulidwa kuti aphedwe ku Alabama.