Dothi lofiira siliwonjezera magazi

Amayi ambiri oyembekezera mu Lilongwe amadya dothi, ena amachita kugula pamsika, poganiza kuti limawonjezera magazi. Dothi lofiira la kuno lilidi ndi ayironi (mchere umene thupi limafuna popanga magazi), ndipo ndi amene amalifiiritsa. Koma ayironiyo ndi dzimbiri, ngati la pa khasu lakale, sasungunuka bwino m'mimba. Choipa kwambiri, dongo limamata ayironi ndi zinki (mchere wina wofunika m'thupi) za m'zakudya n'kutuluka nazo kuchimbudzi, osanenanso za mazira a njoka za m'mimba amene angakhale m'dothilo.

Aphunzitsi, izi mungazionetse m'kalasi: thirani masupuni awiri a dothi m'botolo la madzi, khutchumulani, lisiyeni ligone. M'mawa kufiira kwakhazikika pansi, sikunasungunuke ayi.

Munthu wamkulu ali ndi magalamu 3 mpaka 4 okha a ayironi, wambiri ali m'magazi. Gwero lake ndi miyala ndithu, koma amatifika atadutsa m'mizu: nyemba, bonongwe, kenako chiwindi cha nyama zodya zomerazo. Zipatso monga magwafa zimathandiza thupi kuyamwa ayironiyo, pomwe tiyi amalepheretsa, choncho mukadya dikirani ola limodzi musanamwe tiyi.

Kulakalaka dothi kawirikawiri kumasonyeza kuti ayironi wachepa. Kusikelo amayeza magazi ndi kupereka mapiritsi.